Mainjekita Ochokera ku Nayuchi

Martina ankakhala ku Ulongwe ndipo ntchito yake inali yonyamula mpunga. Ankautenga kwa alimi a mbali za ku Nayuchi n'kukautula ku msika wa Balaka pa pikapu yake yoyendera petulo. Galimotoyo inali yolimba koma yaulesi. Ikadzaza matumba, pa zitunda za pakati pa Ntaja ndi Liwonde inkachita kukwawa, akabaza kumaipitirira akuimba belu. Pofika ku Balaka ogula amakhala atatenga kale mpunga wa anthu ena.

Mchimwene wake wamkulu, Wadson, anali makaniko ku Balaka komweko. Iye ndi amene anapeza tebo ya galimoto ina yochita ngozi n'kuimangirira pa injini ya mlongo wakeyo. Anamufotokozera kuti tebo imazungulira ndi utsi wa galimoto n'kumakankhira mpweya wochuluka mu injini.

"Koma mpweya ukachuluka, petulo nayenso achuluke, chemwali," anatero Wadson. "Mainjekita akowa ndi ang'ono. Tisinthe."

Mainjekita ndi timipopi tinayi topopera petulo mu injini. Martina anatiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Iyayi achimwene. Awa sanandivutepo. Mukaika aakulu galimoto izingomwa petulo ngati madzi."

Wadson analimbikira pang'ono kenaka anamusiya. Sabata yoyamba Martina anasangalala, chifukwa pikapu ija inkathamanga ngati yatsopano. Ulendo wina akukwera chitunda ndi katundu wodzaza, injini inayamba kulira ngati muli timiyala. Iye anapondabe. Kunatuluka utsi wobiriwira, mphamvu n'kutha. Anagona masiku pamsewu akulondera mpunga wa eni ake mpaka lole ina inadzamukoka.

Atatsegula injini, Wadson anatulutsa pisitoni yobooka pamwamba ngati yawotchedwa ndi moto wa kuwotcherera zitsulo. Anaiika m'manja mwa mlongo wake.

"Petulo anachepa, moto unakula," anatero Wadson. "Tichotse tebo, ubwerere mwakale."

"Tebo sichoka," anayankha Martina. "Ndalakwitsa ndine, ndavomera. Konzani injini, mainjekita tisintha."

Wadson anali munthu wokonda zazikulu. Atakonza injini anabweretsa mainjekita amene mnzake wa ku Blantyre anachotsa pa galimoto ya mpikisano. Akale aja ankapopera petulo wokwana masisi (cc) 230 pa mphindi, atsopanowa 1000. Iye anati ndi amenewa pisitoni siidzabookanso.

Galimoto inalira koma monyinyirika. Inkanjenjemera ikaima, kumbuyo kukutuluka utsi wakuda woyabwa m'maso. Wadson anati izolowera. Anakwera onse awiri kukaiyesa pa msewu wafumbi wopita ku Nkaya, Martina ali pa chiwongolero. Pamene msewu umadutsa njanji iye anachepetsa liwiro, ndipo injini inazima matayala akutsogolo ali pakati pa zitsulo. Analiza kiyi, osalira. Analizanso, fungo la petulo lokhalokha. Chapatali kunamveka hutala ya sitima.

Wadson anadumpha n'kuyamba kukankha. Amayi ogulitsa tomato ndi nzimbe pambali pa njanji anasiya malonda awo n'kuthamangira kumbuyo kwa pikapu. Inasuntha pang'onopang'ono, n'kutsetserekera kutsidya. Sitima yamalasha inadutsa mabogi ake osatha.

Sitima itapita, Wadson anamasula mapulagi. Onse anali akuda, onyowa ndi petulo. Anasolola chitsulo choyezera oyilo n'kununkhiza, namonso munali petulo. Anakhala pansi pafumbi.

"Basi chemwali. Galimoto iyi itipha. Igulitse."

Martina anatsika n'kukhala pambali pake.

"Ang'ono aja anawotcha injini, aakuluwa akuimiza. Ndiye kuti alipo oyenera. Inu mumadziwa mawerengedwe ake, koma simunawerenge. Munangotenga amene analipo."

Wadson sanakane. Atabwerera ku galaja anakhala pansi n'kulingalira mphamvu imene injiniyo ingapirire ndi tebo, n'kuigawa kwa mainjekita anayi. Anawonjezerapo pang'ono kuti asamagwire ntchito mpaka mapeto a mphamvu zawo pa chitunda. Anapeza kuti ofunika ndi a masisi 440 kapena oyandikira pamenepo. Anauzanso Martina kuti kukula kokha sikokwanira. Ankafunika a magetsi ogwirizana ndi kompyuta ya galimotoyo, apo ayi kompyutayo ipsa, komanso otalika mofanana ndi akale kuti alowe m'malo mwake.

Kupeza kwake ndiye kunavuta. Martina anazungulira mashopu a zitsulo ku Balaka ndi ku Liwonde, anakwera minibasi mpaka ku Limbe. Ena ankamupatsa a dizilo, ena ankamuuza kuti aliwonse amagwira. Iye ankayenda ndi injekita imodzi yakale m'chikwama ndi mita ya magetsi imene anabwereka kwa Wadson, ndipo chilichonse chimene amuonetsa ankayeza kaye. Alimi ena a ku Nayuchi anatopa kudikira n'kupereka mpunga wawo kwa oyendetsa ena. Zinamuwawa koma sanasiye.

Mlimi wina ndi amene anamutchulira che Mahmudu, bambo wachikulire wa pa Nayuchi amene ankagula zitsulo za magalimoto akufa ku Mozambique. Martina anakwera minibasi, kenaka njinga yamoto, n'kuwapeza akuchokera ku mzikiti. Anawafotokozera zonse, za pisitoni ndi za njanji zomwe.

"Mayi, zimene mukufunazo ndi zosowa," anatero che Mahmudu. "Koma ku Cuamba kuli galimoto ina ya tebo inagwa pa mlatho. Ndikapita ndikaona. Insha Allah."

"Mukawapeza mutenge onse amene alipo, angakhale apitirire anayi," anatero Martina. "Ndipo musawatsuke, ndikufuna ndiwaone mmene alili."

Mwezi usanathe che Mahmudu anaimba foni. Anabwera ndi mainjekita asanu ndi limodzi atakulungidwa m'nsanza, chifukwa injini ya galimoto yakugwayo inali yaikulu. Martina anawayeza pakhonde pawo pomwepo. Mita inaonetsa zofanana ndi injekita yakale ija, ndipo nambala yolembedwa pambali inali ya kukula kumene ankafuna.

Ku galaja Wadson anafuna kuwamanga tsiku lomwelo, koma Martina anakana.

"Tiwaone kaye akupopera, achimwene. Sindikufunanso kudziwira pamsewu."

Anatenga mabotolo oyera ofanana, pampu ya petulo ndi batire, n'kupita nazo panja kutali ndi moto. Injekita iliyonse inapopera m'botolo lakelake kwa nthawi yofanana. Anayi ankatulutsa petulo wosalala ngati nkhungu ndipo mabotolo awo anadzaza mofanana. Imodzi inkangodontha ngakhale atazimitsa. Ina inkaponya petulo chambali ndipo botolo lake linatsalira. Wadson anaitsuka n'kuyesanso, koma sizinasinthe. Anawaika pambali awiriwo n'kumanga anayi abwino ndi timphira tatsopano.

Kunatsala kuuza kompyuta ya galimoto kuti mainjekita asintha. Ntchito imeneyo anaigwira a Zubairu a ku Liwonde, amene ankadziwa kulumikiza laputopu ku galimoto. Anakhala kumpando wakutsogolo makina awo ali pamiyendo, Martina akuyendetsa chokwera ndi chotsika pa msewu wa ku Ulongwe, iwo akuwonjezera ndi kuchepetsa petulo mpaka injini inayamba kulira mosalala. Ataima, Wadson anamasula pulagi imodzi. Inali youma, yofiirira ngati khofi wamkaka. Anaionetsa mlongo wake n'kuibwezera.

Alimi a ku Nayuchi sanabwerere onse. Amene anavomera kumupatsanso mpunga anali owerengeka, ndipo ena anachita kubwera kudzaona ngati galimotoyo ikuyendadi. Martina anadzaza matumba n'kunyamuka m'mawa. Injini inakoka bwino njira yonse, geji ya kutentha osasuntha, ndipo anafika pa msika wa Balaka ogula asanabalalike. Petulo inamwa wochulukirapo kuposa kale, koma osati mmene ankaopera.

Atatsitsa katundu anapita ku galaja. Wadson anatuluka pansi pa minibasi imene ankakonza, akupukuta manja.

"Yayenda bwanji?"

"Injini ilibe vuto," anatero Martina. "Koma ndikaponda kwambiri ndi katundu, klatchi ikuterera. Yayamba kununkha ndili pa Liwonde."

Wadson anaseka pang'ono n'kupukusa mutu.

"Mphamvu yachuluka. Ikufunika klatchi yolimba, ndipo kuno siipezeka."

"Mundiuze kukula kwake," anatero Martina. "Lachisanu ndikupita ku Nayuchi, ndikawafunsa che Mahmudu."