Maluwa a pa Bwinja la Che Uladi

Ajira atabwerako kumjigo anapeza mpando wa amuna ake uli wokha pakhonde. Tiyi amene anawasiyira anali chikhalire m'kapu, atazizira. Anatula ndowa, nakasuzumira kuchimbudzi, kuseri kwa khola la nkhuku, kenako m'nyumba. Pamsomali panalibe kofiya yawo yoyera. Chingwe choyanikira zovala nachonso chinali chitamasulidwa pamtengo.

Aka kanali kachitatu che Uladi kusowa chisamukireni kumtunda. Ulendo woyamba anawapeza pamsika atakhala pakati pa ogulitsa usipa. Wachiwiri anabwera nawo mwini munda wina, amene anawapeza akuzungulirazungulira m'chimanga chake.

Che Uladi anali mmisiri wa maboti a matabwa. Kwa zaka zoposa makumi atatu iwo ndi Ajira ankakhala m'mphepete mwa nyanja ku Lungwena, m'nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga okha. Kenako kunabwera anthu a mumzinda ndi mapepala, akuti malo onsewo agula ndipo amangapo hotela. Misonkhano inachitika, ena anakana, ena anasaina, ndipo mwezi wa Okutobala chikatapila chinafika. Nyumba makumi awiri ndi zitatu zinagwa tsiku limodzi, dzuwa lisanapendeke. Mabanjawo anawapatsa malo kumtunda, pa nthaka ya miyala, kumene nyanja imangooneka patali ngati kansalu kotuwa.

Kuiwala che Uladi anali atayamba kale pang'onopang'ono, monga kusaka nyundo ili m'manja mwawo. Koma atafika kumalo atsopanowo mutu unasokonekeratu. Kuchipatala anati ndi matenda a ukalamba, mankhwala ake kulibe. Shehe anabwera kudzawerenga duwa, pemphero la Chisilamu. Che Uladi anangokhala chete, masiku ena osatulutsa liwu ngakhale limodzi, ndipo nthawi zina ankamuyang'ana Ajira ngati mlendo wodzapala moto.

Ajira anamanga chitenje, natsikira kunjira. Pamphambano anapeza mayi wogulitsa zitumbuwa.

"Adutsa pano m'mawa ndithu," anatero mayiyo. "Amayenda ngati munthu wochedwa kuntchito. Ndinawapatsa moni koma sanayankhe. Alowera kumunsi."

Apo Ajira anadziwa kumene apita. Iye mwini anali asanapondeko kumeneko chigumulireni nyumba, miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Ngakhale popita kuchipatala ankadzera njira yakumtunda, yotalika, kuopa kuona bwinjalo. Anayenda maola awiri ndi theka, patapata akumudya pakati pa zala, mtima ukumuuza kuti akapeza zidutswa za njerwa, phulusa ndi dothi lofiira lopanda kanthu, monga momwe anasiyira.

Mpanda wa waya unalipo, koma theka lake anthu anali ataba, patangotsala mizati ya simenti. Chikwangwani chokhala ndi chithunzi cha hotela chinali chitasuluka ndi dzuwa. Palibe chimene chinamangidwa, ngakhale dzenje la maziko. Ajira anaima pakati pa mizati iwiri, nagwira umodzi.

Malo onsewo, kuyambira kumsewu mpaka kumchenga, anali maluwa okhaokha. Mvula inali itangosiya kumene, mwezi wa Epulo uli pakati. Chewe anali atayala paliponse ndi timaluwa take tofiirira totuwa, luni woyera ataima pamwamba pake, ndipo m'mithunzi ya milu ya njerwa munali khovani wa maluwa obiriwira ngati kumwamba. Pamene panali khola la mbuzi la a Shakila, mnzake wa Ajira, deliya anali atatalika kupitirira munthu, chikasu chake chothobwa m'maso. Njuchi zinkamveka ngati injini ya boti ili patali. Agulugufe oyera ankadzuka munthu akangosuntha phazi.

Ajira sanasangalale. Zaka zonse zija ankasesa bwalo lake m'mawa uliwonse, osalola ngakhale kaudzu kamodzi kumera pafupi ndi khonde. Mbewu zonsezi zinali kuti nthawi imeneyo? Zinkangodikira kuti anthu achoke? Chimene chinamupweteka kwambiri chinali chakuti malowo sankaoneka ngati pachitika zovuta. Munthu wodutsa pamsewu akanangoti, kukongola kwake malo awa.

"Abiti Shafi."

Anatembenuka. Amene anamuitana ndi dzina la bambo ake anali a Howard, atavala jekete yakuda ya ulonda, yaikulu kuposa thupi lawo. A Howard anali oyandikana nawo nyumba kuyambira kale, Mkhristu wa Anglikani, msodzi amene maboti ake onse awiri anakhomedwa ndi che Uladi. Nyumba yawo inagwa tsiku lomwelo. Koma patapita sabata eni malowo anafuna mlonda, ndipo a Howard anavomera. Kuyambira pamenepo anthu a kumtunda anasiya kuwapatsa moni, ndipo Ajira anali mmodzi wa iwo. Akazi awo, a Esitere, anapita kukakhala kwa abale awo ku Malindi. A Howard ankagona m'kachisakasa ka malata pafupi ndi chikwangwani.

"Ali uko," anatero a Howard, akuloza ndi chibwano. "Afika dzuwa lili apa. Madzi ndawapatsa, amwa. Mbatata akana."

"Simukanatumiza uthenga?"

"Ndikanatuma ndani, mayi? Anthu a kwanu akandiona amawoloka msewu."

Ajira analowa m'maluwamo, akumufika m'mawondo, chisoso chikumamatira kuchitenje. Njira zonse zakale zinali zitatsekeka, moti nyumba yake anaizindikira ndi chitsa cha mtengo wa mango.

Chikatapila chinasiya simenti ya pansi, yong'ambika pakati, chewe atamera mumng'aluwo. Che Uladi anali atagwada pakona, akukhoma kamtengo m'nthaka ndi chidutswa cha njerwa. Anali atazula maluwa mumzere wowongoka kuzungulira simentiyo, nawaunjika pambali. Manja awo anali obiriwira, chala chimodzi chikutuluka magazi. Atamva mapazi anadzutsa mutu, nkhope yawo inawala.

"Wabwera, Ajira? Gwira chingwechi uko. Kokera kwa iwe, chikungike."

Panali patapita zaka zambiri asanamutchule dzina lake lenileni. Chibadwire mwana wawo ankangoti amake Hidaya. Ajira anatola nsonga ya chingwe choyanikira zovala chija, nabwerera nacho m'mbuyo mpaka chinakungika.

"Apa ndi pabalaza," anatero che Uladi, akuyenda pasimentipo ndi mapazi owerenga. "Chipinda chathu uku, zenera liyang'ane kunyanja. Aka ndi ka mwanayo. Koma iwe usamanyamule zolemera mmene ulilimu, wamva? Madzi a njerwa ndidzatunga ndekha."

Ajira anali woyembekezera chaka chimene ankamanga nyumbayi. Amuna ake sankaona nyumba yogumulidwa. Ankaona nyumba imene sinamangidwebe.

"Ndamva," anatero.

"Malo abwino awa. Taona mmene zomera zachitira, ndiye kuti nthaka ndi yachonde. Tikangolambula bwino, kuseriku udzabzala therere ndi tomato. Njerwa tiumba mwezi wa Juni, mphepo ikayamba. Howard wati atithandiza kuotcha." Anatembenukira kwa mlondayo, amene anali ataima chapatali. "Si choncho, achimwene?"

A Howard anavula chipewa. "Ndi choncho, che Uladi. Nkhuni ndabweretsa kale."

"Wamva? Mkhristu koma mtima wake ndi wa m'bale."

Anagwira ntchitoyo kwa nthawi yaitali. Che Uladi ankayeza, kukhoma timitengo, kuzula zomwe zinali panjira ya chingwe, uku akufotokoza za malata, za boti la munthu wa ku Makanjira limene akalimaliza adzagula chitseko cha mlombwa. Miyezi isanu ndi umodzi Ajira anali asanamve mawu ochuluka chotero kuchokera pakamwa pawo. Ankangovomera, kugwira pamene auzidwa kugwira. Pena anadzipeza akutsutsa kuti khitchini ikhale kumwera chifukwa cha utsi, monga momwe anatsutsira nthawi ija, ndipo che Uladi anaseka nagonja.

Che Uladi atatopa anakhala pasimenti, natsamira mulu wa njerwa, maso ali kunyanja. Ajira anapita pamene panali a Howard, nalankhula motsitsa.

"Bambo Howard, ndinakulakwirani posakupatsani moni."

"Zinapita zimenezo. Inenso ndikanakhala inu ndikanatero."

"Ndili ndi pempho. Mundilole ndizibwera nawo kuno, ngakhale kamodzi pasabata. Lachisanu tikachoka kumzikiti. Sitidzaononga kanthu. Mwaona nokha mmene akulankhulira."

A Howard anayang'ana pansi, akupotokola chipewa m'manja.

"Mukanabwera mwezi watha. Aja a hotela analephera, malowa agulitsa kwa ena. Andiimbira foni dzana. Lolemba kukubwera anthu odzatchetcha zonsezi, kenako amanga mpanda wa njerwa, wautali, kuzungulira mpaka kumadzi. Alonda abwera nawo awo, a kampani, ndi agalu. Ine ntchito yanga ikutha mwezi uno."

"Ndiye mupita kuti?"

"Ku Malindi, ngati a Esitere andilandire. Maboti ndinagulitsa."

Kutsidya kwa msewu kunamveka azana ya masana, yoitanira anthu kumzikiti. Ajira anabwerera kwa amuna ake, nawagwira paphewa.

"Tiyeni tikaswali, tikadyenso. Zotsalazi mawa."

"Mawa tiyambe m'mawa," anatero che Uladi, nadzuka mosavuta.

Anayenda bwinobwino m'maluwamo, che Uladi patsogolo, akukankha deliya ndi dzanja kuti mkazi wawo adutse. Koma atafika pamizati ya simenti anaima, natembenuka. Anayang'ana chitsa cha mango, anayang'ana milu ya njerwa, anayang'ana chikwangwani. Ajira anaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono.

"Amake Hidaya," anatero ndi mawu ang'ono. "Nyumba yathu ili kuti?"

"Tiyeni, bambo."

"Inali apo. Ndani wachotsa nyumba yathu? Anthu onse apita kuti?"

Che Uladi anakhala pansi m'mbali mwa msewu, nayamba kulira mopanda phokoso, mapewa akugwedezeka. Anthu a njinga ankadutsa akucheuka. Ajira anawapukuta chala chamagazi chija ndi nsonga ya chitenje. A Howard ndi amene anaimitsa galimoto ya matola, nathandiza kuwakweza kumbuyo, pamwamba pa matumba a makala.

Madzulo a tsiku limenelo Ajira anaimbira foni mwana wawo Hidaya, amene anakwatiwa ku Mangochi boma. Kuyambira kale Hidaya ankanena kuti bambo ake abwere kutawuni, kumene nyumba ili mumpanda ndipo geti limakhomedwa. Ajira ankakana, akuti munthu si mbuzi yoti nkutsekera.

"Akapitanso kumeneko akapeza agalu," anatero Ajira pafoni. "Ine sindingawalondere usana wonse. Ndiyenera kutunga madzi, ndiyenera kupita kumunda."

"Ndakhala ndikukuuzani, amayi. A Zubair abwera ndi galimoto Loweruka. Inunso mubwere, musatsale nokha kumeneko."

Nyumba ya Hidaya inali ya lendi, zipinda zitatu, bwalo lake lonse la simenti. Mwamuna wake Zubair anali munthu waulemu, anawapatsa apongozi ake chipinda cha ana ndipo anagula loko watsopano wa pageti. Masabata awiri oyamba che Uladi ankadzuka m'mawa, kuvala kofiya, nkukaima pagetipo atagwira zitsulo, osagogoda, osapempha kuti awatsegulire. Zidzukulu zinkawazungulira popita kusukulu. Kenako anasiya kupita pageti, ankangokhala pampando. Mwezi wa Juni anasiya kutuluka m'chipinda. Ajira ankawamwetsa phala ndi sipuni, kuwasambitsa, kuwatembenuza. Che Uladi sanamutchulenso dzina lililonse.

Anamwalira mu Ogasiti, m'mawa wa Lachitatu, mphepo ya mwera ikuomba malata. Anawaika tsiku lomwelo kumanda a Asilamu a m'tawunimo, pakati pa anthu amene sanawadziwe. Amuna ananyamula jeneza la malirowo natuluka nalo pageti, ndipo Ajira anatsala pamkeka ndi amayi anzake monga mwa mwambo. Ochokera ku Lungwena anafika anayi okha, ena uthenga unawapeza mochedwa.

Ajira anakhala kwa Hidaya mpaka anatha masiku ake a eda, amene mkazi wamasiye wa Chisilamu amabindikira. Hidaya anamuchonderera kuti akhaliretu, koma iye anati m'tawuni manja ake alibe chochita. Anabwerera kumtunda kumapeto kwa Disembala, mvula itagwa kale kawiri, anzake atabzala. Chiswe chinali chitadya mphuthu ya chitseko, ndipo nkhuku zimene anasiyira a Shakila zinatsala ziwiri. M'munda munali thengo. Anasesa m'nyumba, nayala mphasa, ndipo m'mawa mwake anapita kwa a Shakila kukafunsa ngati mbewu ya chimanga inatsalako.