Jakisoni wa Luso

M'mawa uliwonse, Beston Nkhoma asanakhale pa makina ake osokera, ankayamba ndi ntchito imene mtima wake unkaikana: kubaya jakisoni mwana wake wamkazi, Luso.

Luso anali wa zaka zisanu ndi zinayi, wobadwira ku Gaborone, kumene makolo ake anasamukira kukafuna ntchito, ndipo Chitswana chinkamutuluka mosavuta kuposa Chichewa. Chaka chimenecho anayamba kumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi ndi kuonda mpaka yunifolomu kumukhwepa. Kuchipatala anamupeza ndi matenda a shuga a mtundu umene umagwira ana, ndipo anati azibayidwa insulini tsiku lililonse. Mayi ake, Salome, ankagwira ntchito ya m'nyumba kudera la Extension 2 mumzinda momwemo, kugona komweko n'kumabwera Loweruka. Choncho udindo wonse unagwera Beston.

Mwanayo akangoona jakisoni ankathawira kuseri kwa chitseko. "Go botlhoko, adadi!" ankalira motero, kutanthauza kuti zikupweteka. Beston ankamugwira, kumubaya, kenako n'kutuluka panja kukapukuta maso ake.

Tsiku lina Watson, mmisiri womanga nyumba amene ankachita lendi pabwalo lomwelo ku Tsholofelo, anamupeza ataima pampopi.

"Achimwene, mwanayu mumutha ndi zobayazi," anatero Watson. "Amalume anga ku Mchinji anali ndi shuga. Ankangomwa madzi a masamba a nimu, mpaka lero akupalasa njinga. Makolo athu ankabaya ana tsiku ndi tsiku? Thupi likazolowera jakisoni silidzasiyanso."

Mawuwo anamulowa Beston chifukwa ndi amene ankafuna kumva. M'mawa mwake anawiritsa masamba aja, jakisoni n'kumusiya mufiriji. Luso anatsina mphuno, kumeza madzi owawawo, kenako n'kukumbatira bambo ake m'khosi. "Ke a leboga, adadi," anathokoza. M'nyumba munakhala bata, Beston n'kumasoka akuimba mluzu. Salome akaimba foni, iye ankangoti zonse zili bwino.

Sipanapite masiku ambiri. Masana ena Luso anabwera kusukulu atagwira m'mimba, nayamba kusanza. Anagona pa mulu wa zidutswa za nsalu, akupuma mwamphamvu ngati wathamanga mtunda wautali. M'kamwa mwake munkatuluka fungo ngati la zipatso zopsa kwambiri. Beston anamuitana, anamugwedeza, koma mwana anangotembenuza maso osayankha. Anatola nsalu ya kasitomala imene inali patebulo, kumubereka nayo n'kutuluka akufuula. Watson yemweyo ndiye anathamangira kumsewu kukaimitsa takisi.

Kuchipatala anamulanda mwanayo m'manja n'kulowa naye mkati. Beston anatsala pabenchi akupemphera mokweza, osasamala za anthu. Patapita nthawi kunatuluka nesi wa imvi zapatalipatali, nakhala pambali pake.

"Ndamva pemphero lanu, ndadziwa kuti ndinu akumudzi," anatero. "Ndine Chisangalalo Mwale, kwathu ku Ntchisi. Mwana tamuika dripi, ndipo mwafika naye nthawi isanathe. Koma mundiuze zoona, jakisoni womaliza munamubaya liti?"

Beston anayang'ana pansi n'kufotokoza za nimu uja. Ankadikira kukalipiridwa, koma nesiyo anangopumira m'mwamba.

"Amalume a anzanuwo ayenera kuti ali ndi shuga wa akuluakulu, umene nthawi zina umamvera kadyedwe ndi mapiritsi. Wa Luso ndi wina. Thupi lake linasiya kupanga insulini. Popanda ameneyo, chakudya chimene wadya sichifika kumene chikufunika, magazi amaipa, mwana amakomoka. Palibe tsamba limene lingalowe m'malo mwake."

"Nanga makolo athu ankatani, asisita?" anafunsa Beston. "Iwo zimenezi analibe."

"Ankaika maliro, bambo."

Beston anadzutsa mutu.

"Taganizani zaka zana zapitazo," anapitiriza nesiyo. "Mzinda uno kunalibe. Kunali kampu ya atsamunda kumene lero timati The Village, ndi midzi ya eni dziko. Agogo athu ankayenda wapansi kupita kumigodi, kuthawa msonkho ndi thangata. Masiku amenewo mwana akadwala chonchi ankafota n'kufa, kaya kwathu kaya ku Ulaya. Kwathu tinkati walodzedwa, mwina n'kuloza chala azakhali osalakwa. Kwa azungu madokotala ankangomumana chakudya kuti atalikitseko masiku ake. Kenako cha m'ma 1921, ofufuza ena ku Canada anapeza njira yotengera insulini m'kapamba wa nyama, ngakhale wa ng'ombe."

"Ng'ombe zomwezi?"

"Zomwezi zimene anzathu kuno amazikonda ngati ana. Ana amene makolo anali atataya nawo mtima anayamba kunenepa, ena mpaka kubwerera kusukulu. Kwathu mankhwalawa anachedwa kufika, ndipo ambiri anapita akanatha kupulumuka. Makolo athu sanawakane ayi. Analibe. Akanamva kuti alipo, akanayenda wapansi kukawatenga."

Beston anaphimba nkhope ndi manja. "Amalira, asisita. Ndikamubaya amalira, ine n'kumadziona ngati mfiti."

"Ndikudziwa. Koma mwana wolira ndi wamoyo."

Salome anafika akadali ndi epuloni ya kuntchito. Anamva zonse zimene zinachitika ali chiimire. Beston sanayerekeze kumuyang'ana. Kenako mkaziyo anakhala pabenchi pomwepo.

"Bambo a Luso, mwandilakwira," anatero motsitsa mawu. "Koma chandipweteka kwambiri n'chakuti mwasenza zimenezi nokha. Mukanandiuza kuti zikukulemerani, bwenzi titalira limodzi, mwana n'kumubaya ndithu."

Anamugwira dzanja, ndipo anakhala choncho mpaka anawaitana kukaona mwana.

Luso anatsitsimuka tsiku lotsatira, ndipo chinthu choyamba chimene anafunsa n'chakuti nsapato zake za kusukulu zili kuti. Masiku amene anakhala m'chipatala, asisita Chisangalalo ankawaphunzitsa onse atatu. Anawaonetsa kusinthasintha malo obaya, lero pantchafu mawa pamimba, kuti khungu lisaume. Anawauzanso zizindikiro za shuga wokwera ndi wotsika, ndiponso kuti aphunzitsi a Luso ayenera kudziwa za matendawa. Salome anakambirana ndi abwana ake kuti azibwera kunyumba pakati pa sabata. Watson naye anabwera, chipewa chili m'manja. "Ndinkati ndikuthandiza," anatero, maso ali pansi. Nesiyo anamukhazika pansi kuti amvere nawo.

M'mawa wa tsiku lotuluka, nesiyo anapatsa Beston jakisoni kuti abaye yekha iye akuona. Beston anaulandira, koma anayamba kuzengereza. Luso anamuyang'ana, kenako anakweza yekha diresi mpaka pantchafu. Analankhula pang'onopang'ono, akusankha mawu m'Chichewa chake chopunduka.

"Adadi, ine ndizilira. Koma inu musamasiye."

Beston anabaya. Luso analira, koma ulendo uno bambo ake sanatuluke panja. Anamunyamula n'kumuika pachifuwa mpaka kulirako kunatha.

Phunziro: Mankhwala ambiri amene lero timawaona ngati wamba, makolo athu anawasowa ndipo anataya ana awo chifukwa chosowa. Tisasiye chithandizo cha kuchipatala chifukwa cha malangizo a mnzathu, ngakhale atatikonda chotani, pakuti matenda ofanana dzina sakhala ofanana mankhwala. Ngati kusamalira wodwala kukutilemera, tiuze a m'banja mwathu ndi achipatala msanga, tisanachite chinthu mobisa.