Mchira wa Nkhani

Dzina loti Amayi Sizasi analipata kunyuzipepala, kumene anamerera imvi akudula nkhani za anzawo. Lamulo lawo linali limodzi: chofunika chikhale pamwamba, malo akachepa dulani kumchira. Atolankhani akamadandaula, iwo ankangoti, "Buluzi safa n'kuduka mchira."

Atapuma pantchito anasankhidwa kutsogolera bungwe losamala nyumba yowerengeramo mabuku. Posakhalitsa khonsolo inaganiza zogulitsa nyumbayo kwa mkulu wina wofuna kutsegulamo bala. Makhansala anati amva maganizo a anthu Loweruka, ndipo holo ikakapezeka yopanda anthu, basi nyumba yapita.

Koma chizolowezi cha m'mabungwe chimapatsirana ngati chimfine. Polemba chilengezo cha m'nyuzipepala choitanira anthu kuholoko, Amayi Sizasi anayamba n'kuthokoza: komiti, abwenzi akufuna kwabwino, wapampando wakale, mpaka kalipentala amene anakhoma mashelefu. Tsiku ndi malo a msonkhano anaziika kumapeto kwenikweni.

Nyuzipepala itatuluka anaiwerenga chiimirire. Komiti inalimo. Kalipentala analimo. Msonkhano munalibe.

Anakwera masitepe a kuntchito kwawo kwakale ali wefuwefu. Fani yakale yokupiza mphepo inkalirabe kudenga, ndipo pampando wawo wothyoka mkono panali mkonzi watsopano, yemwe iwo anamuphunzitsa ntchito asanamere ndevu.

"Iwe! Wadula nkhani yanga ndani?"

"Takulandirani, amayi. Khalani kaye pansi, mtima ungakuthaweni."

"Ndati ndani?"

"Ndine. Malo anachepa, ndiye ndinadula kumchira. Pajatu buluzi..."

"Ukangoumaliza mwambi umenewo, ndikudula makutu."

Atolankhani anabisala kuseri kwa makompyuta, mapewa okha akugwedezeka. Amayi Sizasi anatenga chilengezo chawo patebulo, nachiwerenganso. Kale wina akanawabweretsera zoterezi, akanamutuma kukagula nyuzipepala kuti aone mmene amalembera anthu.

"Chabwino. Mawa uchiikenso."

"Tsamba la zilengezo ladzaza, amayi. Komanso amaliwerenga ndani? Anthu amapukutira mawindo."

"Nanga kabokosi kopepesa kaja?"

Mkonzi anakanda mutu. Aliyense m'chipindamo ankadziwa kuti owerenga amayambira pa kabokosi kamene nyuzipepala imavomerapo kulakwa, chifukwa palibe chokoma ngati kuona wodziwa zonse atagwada.

"Komatu ife sitinalakwe."

"Ndiye lemba kuti ndalakwa ndine. Usandibise, unditchule bwinobwino."

"Mukunena zoona, amayi? Ndakhala ndikudikira tsiku limeneli chiyambireni ntchito."

"Lemba msanga ndisanasinthe maganizo, mbuzi iwe."

M'mawa mwake kabokosi kanati: "KUPEPESA. Msonkhano wopulumutsa nyumba ya mabuku uliko Loweruka m'mawa kuholo ya khonsolo. Dzulo mawuwa anaduka chifukwa Amayi Sizasi, amene anatiphunzitsa tonsefe kulemba, aiwala kulemba."

Loweruka holo inadzaza mpaka anthu kusuzumira pamawindo. Ena anabwera chifukwa cha mabuku. Ambiri anabwera kudzaona Sizasi wodulidwa, ndipo mzere wakutsogolo unali wa atolankhani akale amene ankawaliza aja, mano onse pamtunda. Amayi Sizasi anawagwira chanza mmodzimmodzi, akuseka mpaka misozi, kenako anawapatsa zikwangwani zoti anyamule.

Makhansala anangoona mitu ya anthu, sanafunse chimene chabweretsa munthu aliyense. Zogulitsa nyumba zinathera pomwepo.

Mkulu wa bala uja anayang'ana chikhamucho, anayang'ana dzuwa, n'kutuluka mwakachetechete. Pomwe msonkhano unkatha, anali pageti akugulitsa zoziziritsa kukhosi.