Wamoyo Sakwera Chithatha

A Shadreck Mbewe ndiwo anapha Dominic, mwana wa mlongo wawo. Sanamuphe ndi nkhwangwa kapena mankhwala, iyayi. Anamupha pomukhazika tsonga panjinga, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Felistus, mkazi wa Dominic, analipo, koma pakamwa pake panali potseka.

Chinali chaka cha 1958, nyengo yokumba nsawa. Dominic anali mkamwini kwawo kwa Felistus, kumwera kwa Sinda. Tsiku lina khasu linaphonya phata la nsawa n'kumutema pamwamba pa phazi. Kabala kake kanali kochepa, kosakwana n'chala chomwe. Anakamanga ndi sanza n'kupitiriza kukumba.

Tsiku lachinayi mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, thupi lili moto, mano akugundana. Kutacha, Felistus anasiya mwana wawo Stella kwa amayi ake n'kuthamangira ku kachipatala ka ku Sinda. Anabwerako ndi a Alick Sakala, amene anali kutsuka zilonda ndi kubaya jakisoni kumeneko. Anthu anali kungowatchula kuti adokotala.

A Sakala anabaya jakisoni, kenaka anafinya chikhadabo cha Dominic mpaka chinayera. Atachisiya, kufiira kunachedwa kubwerera.

"Amayi, tagwirani mapazi awa."

Felistus anagwira. Anali ozizira ngati mwala wa padambo.

"Azizira!" anatero, mtima ukutsika. "Ndiye kuti malungo akutuluka?"

"Musakondwere. Chiphe cha m'chilondamu chalowa m'magazi. Chikalowa, mitsempha imalefuka n'kufutukuka ngati thumba lakale. Magazi amangodikha m'mimba ndi m'miyendo, osabwerera kumtima. Ikani dzanja apa." Anamugwiritsa pachifuwa pa mwamuna wake. Mtima unali kuthamanga ngati wa kalulu wogwidwa pamsampha. "Mwaumva? Ukusinja mumtondo mopanda chimanga. Tsono mukamudzutsa, magazi otsalawo atsikira kumapazi, mutu ndi mtima zitsala zouma. Agone chagada, miyendo muikweze pamtolo, muzimumwetsa madzi pang'onopang'ono. Mumunyamule chogona mpaka kumsewu waukulu. Ine nditsogola ndikaimitse lole yopita kuchipatala chachikulu cha ku Katete. Asakhale tsonga, mwamva?"

"Ndamva," anatero Felistus. Ndipo anamvadi. Pamenepa musamuchepetsere mlandu.

Alongo ake awiri a Felistus anadula nsungwi, anazilukira luzi, nayalapo mphasa kuti amunyamulirepo. Iye anamanga mtolo wa udzu woti akwezere miyendo. Akumaliza, belu la njinga linalira pabwalo. Anali a Shadreck, amalume ake a Dominic, atamva uthenga wa matenda. Sanatsike n'komwe bwino, maso ali pansungwi zija.

"Maliro achitika liti muno, ife eni munthu osauzidwa?"

Felistus anagwada chapatali. "Ali moyo, apongozi. Adokotala anena kuti…"

"Ali moyo, inu n'kumumangira chithatha? Munaziona kuti zimenezi? Wamoyo sakwera chithatha. Chimaitana mwini wake." Analowa m'nyumba, anagwira mapazi a wodwala, natuluka akuseka. "Munthu wazizira bwinobwino, matenda atha mphamvu. Kapena ndinu mwafulumira, amake Stella? Alipo wina akudikira kuseri kwa nkhokwe?"

Aliyense anali kudziwa kuti mkamwini akafera kwa mkazi, chala chimaloza mkaziyo. Alongo ake anazolika. Munthu ndi wa eni ake, ndipo mwini wake anali atafika. Amayi ake anamutsina pantchafu kuti akhale chete. Mawu a adokotala anali pakhosi pake, onse, mpaka a mtondo aja. Anawameza.

Anamudzutsa Dominic. Maso anatembenuka, khosi linagwa, kenaka anatsitsimuka. Anamukhazika pakaliyala wa njinga ija, namumanga m'chiuno ndi nsalu ya Felistus yomwe, miyendo ili lende.

"Amake Stella," anatero Dominic, mawu akutuluka motsitsa, "lero ndiyenda ngati bwana DC. Ondikankha atatu."

Amuna anaseka.

"Mwamva?" anatero a Shadreck. "Wakufa amachita nthabwala? Tiyeni."

Kumsewu kunali mamailosi anayi. A Shadreck anagwira zigwiriro, alongo aja m'mbali, Felistus pambuyo ndi chipanda cha madzi. Maso ake sanachoke pamapazi aja. Anali kugwedera, kugunda masipokosi, mwini wake osawakweza. Podutsa minda ya thonje anayamba kuda. Pofika padambo, m'maondo munali mawanga ngati a munthu wowotha moto kwambiri. Thukuta lozizira linali kutsika m'khosi.

"Kwada msanga lero," anatero Dominic.

Dzuwa linali paliwombo.

"Apongozi!" Felistus anafuula.

A Shadreck anaima, nacheuka. "N'chiyani?"

Panali mthunzi wa mkuyu pomwepo, udzu wofewa pansi. Kunali kungomasula mfundo imodzi. Alongo ake anali kumuyang'ana, kudikira kuti anene, ndipo akananena akanamumvera. Koma anaona nkhope ya a Shadreck, nakumbukira za kuseri kwa nkhokwe.

"Amweko madzi," anatero.

Madziwo anayenderera pachibwano. Njinga inapitirira.

A Sakala atawaona akutulukira pamsewu, anataya chipewa pansi.

"Wachita izi ndani? Amayi, sindinakuuzeni?"

Sanadikire yankho. Anadula nsalu ija ndi mpeni, anamugoneka paudzu, nasenza miyendo yake pamapewa awo. Pamkono sanapeze kanthu. M'khosi munali kakugunda kakutali, ngati nkhuku yojompha kuseri kwa khoma. Dominic anatsegula maso kamodzi, anayang'ana mkazi wake, milomo inagwedera koma mawu sanatuluke. Lole ya ku Katete itafika, a Sakala anaikupizira dzanja kuti izipita.

Pambuyo pake anamuitanira Felistus pambali.

"Sindikunamizani, amayi. Chiphe chinali chitalowa kwambiri. Mwina akanafabe. Koma chogona, ndiyesa ku Katete akanafika."

Alongo ake a Felistus anabwerera kumudzi kukatenga nsungwi zija. Dominic anakwera chithatha chake, chogona, monga adokotala ananenera. Mtolo wa udzu unali ukadali pomwepo.

Pamaliro a Shadreck anaimirira pamaso pa anthu onse.

"Mwaona? Ndinanena ine. Chinamuitana."

Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ena anamuyang'ana Felistus cham'mbali. Iye anali m'nyumba ya siwa, akulira monga mwa mwambo, ndipo apanso sanayankhe.

Papita zaka zisanu tsopano. Stella wayamba sukulu, ndipo akafunsa chimene chinapha atate ake amauzidwa kuti ndi khasu. A Shadreck akali moyo, njinga ija akali nayo, belu anagula latsopano. Felistus akalima pamunda wa nsawa uja amatukwana yekha mokweza, mpaka oyandikana naye anazolowera. Amatukwana a Shadreck mpaka mawu kusasa. Akatopa, amakhala pamzere n'kuyamba kudzitukwana yekha, ndipo pamenepo ndiye amachedwa.

Anakafunsa kwa ansembe, iwo anati akhululuke. Sanafunse zimenezo. Anafunsa amayi ake, iwo anati anasunga ulemu, mwana woleredwa bwino sayankha apongozi pagulu. Ulemuwo uli kumanda, pansi pa mtengo wa msuku. A Shadreck sanamve za mtondo wopanda chimanga, anachita zimene makolo awo anawaphunzitsa. Amene anamva, amene anagwira mtima uja ndi dzanja lake, ndi iye. Pansi pa mkuyu anali ndi mpweya wokwanira mawu awiri, ndipo anasankha "amweko madzi".

Tsono inu amene mwawerenga izi, musangoti pepa n'kutembenuka. Mapepa wawamva okwanira. Mukanakhala inu pambuyo pa njinga ija, chipanda chili m'manja, chala cha mudzi wonse chikukudikirani, mukanamasula mfundo ija kapena ayi? Ndipo ngati mukanamasula, nenani poyera kuti anapha Dominic ndani. Felistus akudikira. Muyankheni.