Mapaipi a Vani ya Amalume

"Masula."

"Sinizamasula! Masiku abili nagona pansi pa motoka iyi, Juliet."

"Ukagona yachitatu suzafa. Masula paipi, Lemmy."

Juliet anali chagada pa katoni pansi pa vani, mapazi okha akuoneka. Ine ndinaima pambali, sipanala ili m'manja.

Vaniyo ndi ya amalume anga a Ferdinand. Anaigula kalekale akugwira ntchito ku fakitale, ndipo inakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba yathu ku Estates kuyambira ndili giredi faivi. Nditalemba mayeso omaliza anandiuza kuti, "Ukaidzutsa, uziyendetsa." Injini inali italira kale. Chotsala chinali kusintha mapaipi amene dzimbiri linadya: paipi ya mabuleki, ndi mapaipi awiri otengera oyilo wa giyabokosi ku redieta kuti akazizire.

Ndinali ndi changu chifukwa Juliet ankapita ku koleji ku Livingstone pa Sondo. Maganizo anga anali oti Loweruka ndimutenge pa vani mpaka ku Chanyanya, tikaime pamene amakocheza mabwato, ndimuuze mawu amene ndinakhala ndikuyeserera pa galasi la vaniyo miyezi itatu. Mawu oterowo sunganene m'minibasi, kondakitala akukukalipira kuti usunthe. Ndipo tsikulo linali Lachinayi.

Ndinamuitana kuti adzangondithandiza kutulutsa mphepo m'mabuleki, ntchito yofuna anthu awiri. Ndinaiwala kuti iyeyo ndi mwana wa makanika, ba Jailos, ndipo anakulira m'galaja. Atangolowa pansi anayamba kuyendera ntchito yanga yonse.

"Bwela uone wekha," anatero.

Ndinakwawa n'kugona pafupi naye. Ankanunkhira sopo ndi girizi.

"Iyi ya mabuleki waipitisa kuti?"

"Pa shotikati."

"Pa shotikati pako pali ekizozi, mwandi. Ikapya, mafuta yazabila. Uzaponda buleki, uzapeza palibe. Nanga aya ya giyabokosi? Yalendewela monga matumbo ya mbuzi. Mwala umozi chabe, oyilo yonse pansi. Wamanga na chani apa?"

"Malegeni."

Zinali mphira zodula ku chubu, zomwe zija timamangira katundu pa njinga. Juliet anaseka mpaka anagunda mutu ku chitsulo.

"Iyi ni motoka, bwana, si thumba ya malasha! Mapaipi yakale yali kuti?"

"Ninataya."

"Katole."

Ndinakawafukula kudzala nkhuku zikundiyang'ana. Juliet anawayala pansi, nati atate ake sataya paipi yakale ntchito isanathe: yatsopano umaigoneka pambali pake, n'kumapinda momwe inayo inapindikira. Tinkapindira pa botolo kuti paipi isafinyike pakhona. Ine ndikapinda mwaphuma ankandimenya pa dzanja.

Lachisanu lonse linathera pamenepo. Paipi ya mabuleki inatsata chasesi, kutali ndi ekizozi. Mapaipi a giyabokosi anakwera m'mwamba, iliyonse ndi kachitsulo kake koigwira. Zinkaoneka bwino, koma sindinamuuze.

Loweruka m'mawa nati imodzi yomangira paipi inakana kulowa. Tinayenda wapansi mpaka m'tauni kukafuna ina, pobwerako dzuwa litapendeka kale. Vani inali idakali pa njerwa, mateyala ali poteropo. Amalume anatulukira pakhomo, anayang'ana, n'kunena kuti, "Iyi lelo siyenda." Za Chanyanya zinathera pomwepo.

"Kwela, tichose mphepo," anatero Juliet, akulowanso pansi ndi kasipanala ndi botolo.

Ndinakhala pampando ndili khuma.

"Ponda!"

Ndinaponda katatu.

"Gwila! Usasiye mpaka nikuuze."

Buleki inatsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Tinabwereza kambirimbiri. Patapita nthawi inayamba kulimba kuphazi kwanga.

"Gwila futi," anatero. Kenako mawu ake anatulukira pa kabowo ka dzimbiri pafupi ndi chidendene changa. "Iwe Lemmy, changu chonse chija chinali cha chani?"

Ndinayang'ana pa galasi lija. Mawu onse okoma amene ndinaloweza anali atathawa.

"Ninafuna kukupeleka ku Chanyanya."

"Kukagula nsomba?"

"Iyayi."

"Nanga? Usasiye. Kamba."

Nkhope yake sindinkaiona, ndipo zimenezo zinandithandiza. Ndinaponda ndi mphamvu zanga zonse, n'kuweramira pa kabowo kaja.

"Nikukonda, Juliet. Nifuna ukabwela pa holide, uzibwela kuli ine."