Mdzukulu wa Kazembe Molvanin

Anjimile Mwalwanda anayamba ntchito m'nyumba ya a Gleb Molvanin ku Rockville, pafupi ndi Washington, m'chaka cha 1994, masamba a mitengo atayamba kufiira. Ku Malawi anali namwino weniweni, wa yunifomu yoyera, koma kuno mapepala ake sanawawerengere, ndiye ejensi inkamutumiza kukasamalira okalamba m'makomo. Anali atasambitsapo agogo otukwana ndi ena olavula mankhwala, koma anali asanakumanepo ndi munthu womuyang'ana ngati mmene anamuyang'anira mdala ameneyu tsiku loyamba.

A Molvanin anali atapitirira zaka makumi asanu ndi atatu. Anathawa kwawo ku Russia ali kamwana dziko litatembenuka, anakulira m'mayiko a eni, kenako anagwira ntchito yomasulira mu ofesi ina ya boma ku Washington mpaka kupuma. Mwana wawo wamkazi, Natalie, ndiye anapangana ndi ejensi, iye n'kubwerera kwawo ku Boston.

"Dzina lako latalika," anatero mdalayo m'Chingerezi cholemera lilime. "Ndizikutcha Anya. Kwathu atsikana antchito onse anali a Anya."

"Dzina langa ndi Anjimile, bambo."

"Anya, tiyi."

Pabalaza panali chithunzi chachikulu chopenta cha munthu wandevu, wovala malaya a unyolo ndi chisoti chaubweya, chibwano chake chokhotera kumanzere. Ameneyu anali Stepan Molvanin, kholo la banjalo, kazembe wankhondo wa Tsar, mfumu yaikulu ya Russia, zaka mazana atatu zapitazo. Masana alionse, akamwa mankhwala, mdalayo ankakhala moyang'anana ndi chithunzicho n'kuyamba kusimba. Sankasimbira Anjimile ayi. Ankangofuna khutu m'chipindamo, monga munthu amafunira mpando.

Motero Anjimile, akusita malaya, anamudziwa Stepan mosafuna. Anadziwa kuti analowa usilikali ndevu zisanamere, bambo ake atamupatsa hatchi, lupanga ndi akapolo omunyamulira kamba. Anamenyana ndi Apolishi pa mzinda wa Smolensk, pomwe chitsulo cha mzinga chinamuphwanya chibwano, moti moyo wake wonse ankadya phala ndipo ankalamula asilikali mano ali chilumire. Tsar anamuthokoza pomupatsa midzi pamodzi ndi anthu ake omwe, ngati mmene amaperekera khola ndi mbuzi zake. Kenako anamutumiza kummwera, kumalire a chidikha cha udzu chopanda mapeto, kukamanga linga la mitengo. Kumeneko kunkabwera Atatari pa mahatchi, kudzagwira anthu okawagulitsa kutsidya la nyanja. Stepan anakhala pa lingalo zaka zambiri, chisanu chikumudya zala, ndipo msilikali wothawa ankamupachika pachipata.

Nkhani ya ogwira anthuyi inamutsegula makutu Anjimile. Kwawo ku Karonga zimenezi sizinali nthano. Agogo a mayi ake anali ndi mng'ono wawo amene anapita kukatunga madzi osabweranso. Mwina, anaganiza motero, wandevuyu anachitako chimodzi chabwino.

Tsiku lina mdalayo anawongola msana, maso akuwala.

"Lero umve chimene chimatisiyanitsa ife ndi inu. Chaka china Tsar anatumiza kazembe wina, Dolbin, kuti Stepan akhale pansi pake. Dolbin! Agogo a Dolbin ankakhala kumunsi kwa agogo a Stepan pa tebulo la mfumu. Atatari atatulukira, Dolbin analamula kuti onse akwere mahatchi. Stepan anayankha kuti wadwala, satuluka. Anakhala m'hema, asilikali ake onse naye. Utsi wa midzi unkaoneka kuchokera pakhomo la hemayo, koma sanasunthe. Tsar anamukwapulitsa, n'kumuponya ku Siberia komwe anakafera. Koma kwa Dolbin sanagwade."

Anjimile anaimika simbi.

"Nanga anthu aja anabwerera?"

"Anthu ati?"

"A m'midzi yomwe inkapsayo."

Mdalayo anamuyang'ana ngati wafunsa za nyerere. "Alimi? Alimi amabadwa chaka chilichonse."

Kuyambira tsikulo m'nyumbamo munali nkhondo yopanda mfuti. Akaitana kuti Anya, Anjimile ankakhala ngati wagontha mpaka mawu a mdalayo atasasa. Nayenso mdalayo ankakankhira mbale ya supu pansi dala, n'kumuonerera akukolopa. Ankabisa masupuni pansi pa pilo, n'kuimbira foni Natalie kuti mtsikana akuba. Posamba ankafuna Anjimile avale magolovesi awiriawiri, ndipo iye ankayang'ana kukhoma milomo ili yolumana. Popukuta fumbi m'nyumba, Anjimile ankadumpha chithunzi chija mpaka fumbi linachita kuyera pa ndevu za kazembeyo.

Kunyumba ku Silver Spring, mlongo wake Gracian, amene ankagwira ntchito ku nyumba yosungira okalamba, ankamuziziritsa mtima.

"Achemwali, ingopirirani. Grini kadi, chilolezo chokhalira kuno, isanatuluke musamayambane ndi mzungu. Mukudana ndi wa pachithunzi uja, munthu woti anafa kalekale, mwapenga?"

"Sanafe ameneyo," anayankha Anjimile. "Ndimamuthirira tiyi tsiku lililonse."

Mu Febuluwale, sinowo itaunjikana m'mphepete mwa msewu, zinthu zinafika pachimake. Anali masana, Anjimile akutenthetsa supu kukhitchini, pomwe anamva chinthu chikugwa kuti khu! Anathamanga. Anapeza mdalayo ali chagada pakhonde la kubafa, ndodo ili m'manja. Anali atadzuka yekha, osafuna kuitana.

Anjimile anagwada, n'kulowetsa manja ake opanda magolovesi kunsi kwa mapewa a mdalayo kuti amutsamiritse mutu. Ndodo ija inamupeza pakamwa.

"Chotsa manja akowo! Kaitane munthu!"

Anjimile anamva mchere wa magazi pa lilime. Anabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono.

"Munthu?"

"Wamva!"

Anakoka mpando wa pakhondepo, n'kukhala, manja pamiyendo. Foni inali pakhoma, pamwamba pa mutu wake penipeni.

"Ukuchita chiyani? Imba foni!"

"Nanenso ndadwala, bambo," anatero Anjimile motsitsa mawu. "Sindituluka."

Mdalayo anamvetsa. Nkhope yake inachita mdima, ndipo anayamba kutukwana m'Chirasha, thovu lili kukamwa. Anayesa kudzikoka ndi zigongono, ululu n'kumubweza pansi. Buluku lake linanyowa, mkodzo n'kuyenderera mpaka pafupi ndi nsapato za Anjimile. Iye anangosuntha phazi. Mumtima mwake munalibe chisoni ngakhale chimwemwe, munangoti zii, ngati m'munda mutapsa. Kukhitchini supu inasefukira, fungo lopserera n'kudzaza nyumba.

Sanadziwe kuti anakhala nthawi yotalika bwanji. Chimene chinamudzutsa sichinali chifundo. Maso ake a unamwino anaona okha kuti mwendo wamanja wafupika ndipo phazi lagonera kunja: fupa la m'chiuno linali litathyoka. Anaonanso milomo ikuyamba kutuwa, matukwano akusanduka mpweya chabe. Anaimirira, naimba foni ya ambulansi, n'kufotokoza zonse bwinobwino monga anaphunzirira. Anamufunditsa bulangeti osamukhudza khungu.

Akumutulutsa pa machira, mdalayo anapeza mphamvu yoloza chala. "Ameneyu wandikankha," anauza anyamata a ambulansi.

Mawa lake bwana wa ejensi, mayi wotopa wa magalasi, anamuitanitsa ku ofesi. Anayang'ana mlomo wotupawo kwa kanthawi. Ananena kuti Natalie sakufuna za polisi, popeza amawadziwa bambo ake, koma sakufunanso kumuona Anjimile pakhomopo. Anamupatsa nyumba ina ku Bowie, kwa agogo aakazi akhungu okonda nyimbo za tchalitchi, kumene kunalibe basi yodalirika moti Gracian ankachita kumuperekeza pa galimoto.

Ali m'galimotomo tsiku loyamba, Gracian anafunsa maso ali pamsewu.

"Achemwali, tili awiri. Munamukankha?"

"Ayi."

"Ndiye bwanji Lamulungu simunapite kumgonero?"

Anjimile anayang'ana mitengo yopanda masamba ikudutsa pawindo. "Ndinakhala pampando, Gracian. Iye ali pansi."

"Nthawi yaitali?"

"Yendetsa galimoto."



A Molvanin sanayendenso. Anachoka kuchipatala n'kupita ku nyumba ya okalamba, komwe manja onse owatembenuza pabedi anali a Aghana, Ahaiti ndi Aitiyopiya. Anamwalira m'chilimwe, kukutentha kwambiri. Patapita sabata, foni inalira ku Silver Spring m'mawa, Anjimile akumanga nsapato. Anali Natalie.

"Ndinaona kuti ndi bwino mudziwe," anatero mayiyo mozengereza. "Ankakutchulani mpaka kumapeto."

"Ankati chiyani?"

Natalie anausa moyo. "Ankafunsa ngati munamangidwa."

"Pepani ndi maliro, mayi," anatero Anjimile.

Anabwezera foni pamalo pake. Panja Gracian anali ataliza kale hutala kawiri, ndipo agogo a ku Bowie sankakonda kudikira chakudya cham'mawa.