Diresi Lofiira la Asisi

Alembi ampingo adalowa mu shopu mwanga ndi nsalu yofiira, yoterera, n'kuiponya pa mashini. Ati ndisokere asisi anga diresi la sewero la Lamulungu, lothina, lolekeza pamwamba pa mawondo. Asisi adapatsidwa gawo la mkazi wa pachitsime wa m'Baibulo, uja wa amuna asanu.

Sadawasankhe mwangozi. Mwamuna woyamba wa asisi adamwalira, wachiwiri adathawa mimba itangoyamba kuoneka. Mpingo udawaika pa chilango, ndipo mwana adali asanabatizidwe. Alembi adalonjeza kuti asisi akasewera bwino pamaso pa anthu, ndiye kuti alapa, mwana abatizidwa.

Ndidafunsa chifukwa chake diresilo liyenera kufupika. Ati hule savala ngati mayi busa.

"Mudawerenga pati kuti adali hule?"

Adaseka, ati aliyense amadziwa zimenezo. Mutu udanditentha. Ndidawauza kuti nkhaniyo ndidaiwerenga ndekha mobwerezabwereza, liwu limenelo mulibe. Amuna asanuwo mwina adafa, mwina adamutaya ngati sanza, koma palibe amafunsa za iwo. Nanga si mkazi yemweyo adasiya mtsuko n'kuthamanga kukaitana mzinda wonse, anthu n'kukhulupirira chifukwa cha mawu ake? Bwanji osasewera pamenepo?

Ati pamenepo adadulapo, sewero lidatalika.

"Iwe telala, soka," adatero akutuluka. "Zolalikira uwasiyire eni ake."

Ndidasoka ndithu, koma lofika mpaka m'mapazi. Asisi atabwera kudzayesa adakhazika mwana pa mulu wa zigamba, n'kuima pagalasi nthawi yaitali. Lidawakhala bwino kwambiri. Kenako adapempha sizasi.

Ndidakana. Ndidalankhula mpaka thovu kukamwa. Ndidawakumbutsa kuti bambo wa mwanayo akuimba kwaya kumpingo wina, tayi pakhosi, wopanda womuveka chofiira. Ndidawauza kuti anthu adzabwera kudzaonera ntchafu zawo, kuti amayi am'mabenchi akutsogolo adzakodolana zigongono, kuti akulapa tchimo limene ngakhale mwini nkhaniyo sadadzudzulidwe nalo.

"Wamaliza, mng'ono wanga?" adafunsa motsitsa mawu. "Iwe uli ndi mavesi, ine ndili ndi mwana. Bweretsa."

Adavula diresilo, adaliyala pa tebulo, nadula okha. Asisi sadziwa kudula nsalu. Mzere udakhota ngati njira ya munthu woledzera, mbali ina idafupika kuposa mmene alembi adafunira. Adapitiriza osandiyang'ana mpaka chidutswa chonse chidagwa pansi.

"Tsopano pinda m'munsimu," adatero. "Ndisakaime pamaso pa anthu ulusi uli lendelende."

Ndidafuna kuliponya panja, galimoto zilipondeponde. M'malo mwake ndidawongola mzerewo ndi choko, ndidadula zotsalira, n'kukhala pa mashini. Ndidaponda mwaukali mpaka singano idathyoka. Asisi adatsegula kabati n'kundipatsa ina.